Zikomo kwa nonse amene munasenza msasa wa mabanja wa nyimbo, magule ndi ntchito zamanja

Msasa wathu watha bwino, kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu masana, ngakhale kuti mvula ya Loweruka usiku inatsala pang'ono kutibalalitsa. Ife a komiti yokonza tikufuna kuthokoza, koma osati mongoti "zikomo nonse" n'kudutsa. Zimene zinapulumutsa msasawu ndi tinthu ting'onoting'ono timene ambiri sanatione n'komwe. Titchula timeneti, kuti inu amene munagwira ntchitoyo mudziwe kuti tinaona, komanso kuti ena ofuna kukonza msasa wotere akhale ndi poyambira.

Tiyambe ndi inu omanga matenti. Munakana malo a m'munsi aja ngakhale anali ndi kapinga wofewa, n'kusankha pokwera, chifukwa madzi amathamangira kotsika. Zikhomo munazikhoma mopendeka, pa madigiri pafupifupi 45, mutu wake utaloza kutali ndi tenti. Pepala lapulasitiki loyala pansi munalipindira mkati kuti lisasuzumire kunja. Likangotulukira pang'ono limalandira madzi otsika padenga n'kuwalowetsa pansi pa anthu ogona, ndipo m'mawa mwake anthu amanena kuti tenti ndi yobooka pomwe ilibe vuto. Mvula itayamba munazunguliranso ndi tochi kukunga zingwe, popeza nsalu ya nayiloni imatamuka ikanyowa, denga n'kuyamba kusunga thamanda. Tikuthokozanso alonda a usiku amene munaletsa mwaulemu mabanja ena kulowetsa mbaula m'matenti. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. Kuzizira kunalipo ndithu, koma munachita bwino kusagonja.

Kwa inu oimba ng'oma, mawu atichepera. Lamlungu m'mawa ng'oma zonse zinali zitazizira, zikungolira bu bu bu ngati munthu akumenya pilo. Chikopa chimayamwa chinyezi cha mumpweya n'kukhwefuka, ndipo mankhwala ake ndi kuwamba. Koma kuwambako kuli ndi nzeru zake, ndipo tinasangalala kuona mukuphunzitsa achinyamata m'malo mongochita nokha. Ng'oma siwambidwa pa lawi, imawambidwa pa kutentha kwa makala, itatalikira pafupifupi mkono umodzi. Umaitembenuza kuti chikopa chitenthe mofanana, n'kumaigogoda ndi chala pafupipafupi kumvetsera mmene mawu akukwerera. Chikhatho ndiye muyezo: ngati dzanja silingapirire kukhala pachikopa, ndiye kuti wapyola. Wopupuluma amaona chikopa chikung'ambika m'mphepete, pamene chimakoka kwambiri, ndipo ng'oma yotero siingakonzeke pamsasa. Ng'oma zimene zinagona pa benchi zitafunditsidwa nsalu zinadzuka msanga kuposa zimene zinagona pansi, ndiye chaka chamawa benchi ya ng'oma idzakhalapo kuyambira tsiku loyamba.

Oimba magitala, mabanjo ndi mavayolini, inunso munavutika ndi chinyezi chomwecho, kuchuna pafupifupi nyimbo iliyonse ikatha, osadandaula. Tizikhomo tochunira vayolini timatupa kukakhala chinyontho, ndipo amene anakakamiza kupotokola akanatha kuthyola. Munawalangiza kuti azitikoka pang'ono kaye asanatembenuze. Munakumbutsanso makolo kuti asatsekere zoimbira m'galimoto dzuwa litatuluka, chifukwa kutentha kwa mmenemo kumafewetsa guluu, matabwa n'kuyamba kulekana. Amene munaika mawaya atsopano patatsala masiku angapo munaona ubwino wake: waya watsopano amatamukabe masiku oyamba, sakhazikika.

A zokuzira mawu, zikomo poika masipika kutsogolo kwa maikolofoni, atafulatira oimba. Ndi chifukwa chake sitinamve kulira kobaya m'makutu kuja, kumene kumabwera maikolofoni ikamatola mawu ochokera m'sipika yake yomwe. Phokoso lopitirira madesibelo 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) limawononga makutu munthu akakhalamo nthawi yaitali, ndipo inu munagwiritsa ntchito muyezo wosavuta: ngati ukufunika kukuwa polankhula ndi munthu amene ungamukhudze ndi dzanja, tsitsa. Mphasa za ana munaziyala kutali ndi masipika. Jenereta inakhala panja, mamita oposa 6 kuchokera pa tenti iliyonse, ndipo polumikizira mawaya ponse panali pokwezeka, posafika madzi.

Aphunzitsi a magule, ntchito yanu inayamba anthu asanadzuke, kutola miyala ndi kukwirira maenje pabwalo, kenako kuthira utuchi pamene panaterera. Njira yanu yophunzitsira ndi yoyenera kuilemba. Poyamba anthu amangoyenda sitepe popanda nyimbo, kenako ndi kuwomba m'manja, ndipo ng'oma imalowa pomaliza, pang'onopang'ono. Ukayamba ndi ng'oma yothamanga, odziwa kale amasangalala koma amanyazi amabwerera kukakhala pansi, ndipo sadzukanso. Munaimika anthu mozungulira osati m'mizere, kuti mwana wamfupi asabisike kumbuyo kwa akuluakulu. Ana aang'ono munkawapumitsa pakatha mphindi 15 kapena 20 kuti amwe madzi. Agogo amene munakhala pamipando n'kumatsogolera nyimbo ndi m'manja, inu ndi amene munagwira mayendedwe a bwalo lonse. Zikomo, ndi mawa lomwe.

Ku chitenti cha ntchito zamanja ndi kumene mvula inathamangitsira aliyense, ndipo munawalandira onse. Oluka madengu, munaviika zolukira m'madzi anthu asanafike kuti zifewe, n'kuzifunditsa nsalu yonyowa. Zouma zimathyoka pokhota, ndipo mwana zikamuthyokera kawiri amataya mtima. Munaonetsetsanso kuti nthiti za dengu zisakhale zogawika pawiri, zikhale 9 kapena 11 kapena 13, chifukwa ukamaluka ndi chingwe chimodzi, pamwamba pansi pamwamba pansi, nthiti zikakhala 10 mzere wachiwiri umangotsata woyamba ndipo dengu siligwirana.

Oumba, tikudziwa kuti ena anakhumudwa pomva kuti timiphika tawo sitiwotchedwa pamsasa pomwepo. Munaima nji, ndipo tikukuyamikirani. Dongo looneka louma kunja limakhala lidakali ndi madzi mkati, ndipo madziwo akafika madigiri 100 amasanduka nthunzi n'kuphulitsa chiwiya, nthawi zina n'kuswanso choyandikana nacho. Munawaphunzitsa kukanda dongo mpaka lifanane paliponse, kusunga khoma la mphika pa kunenepa kumodzi, pafupifupi sentimita imodzi, ndiponso kukala mbali zonse ziwiri n'kupakapo phala la dongo asanamatike chogwirira. Chogwirira chongomatika chimagwa chokha pouma. Kuumitsa nakonso kumafuna mthunzi ndi kuleza mtima: padzuwa kapena pamphepo, mlomo umauma msanga kuposa pansi, mng'alu n'kutsika.

Onyika nsalu, zikomo pouziratu mabanja kuti abweretse za thonje zochapa kale. Utoto umene tinagwiritsa ntchito sugwira pa poliyesitala, ndipo nsalu yatsopano imakhala ndi mankhwala a kufakitale otchinga utoto. Kapu imodzi ya soda ash (mankhwala othandiza utoto kugwira) m'malita 4 a madzi, kuviikamo nsalu mphindi 20, magolovesi m'manja mwa aliyense, ndipo kusungunula ufa wa utoto kunali kwa akuluakulu okha. Pa tebulo la mikanda munachita bwino kusalola ana osakwana zaka 3, amene chilichonse chaching'ono chimathera m'kamwa.

Ophika, otunga madzi, osamalira zimbudzi ndi malo osambira m'manja, a chithandizo choyamba amene munamanga mabala ang'onoang'ono ndi kuyang'ana akakolo obinya, ndi inu amene munatsala kutola zinyalala ena atapita: ntchito yanu ilibe owombera m'manja, koma popanda inu palibe akanavina. Makolo, zikomo potikhulupirira ndi ana anu, komanso posapakira katundu usiku uja.

Tatsala ndi zopempha zochepa. Amene munatenga matenti onyowa, chonde atambasuleni lero lomwe aume bwinobwino musanawapinde, chifukwa tenti yosungidwa ndi chinyontho imachita chuku m'masiku ochepa ndipo fungo lake silichoka. Nsalu zonyika zikhale m'mapepala ake apulasitiki maola 24, kenako muzitsukuluze ndi madzi ozizira musanamasule zingwe, ndipo ulendo woyamba muzichape pazokha. Timiphika tonse tili pa mashelefu mumthunzi, kalikonse ndi dzina la mwini wake kunsi. Tikatsimikiza kuti tauma mpaka mkati tidzatiwotcha, ndipo tidzakudziwitsani tsiku lodzatenga.