Discovery ya gasi inandigwiritsa khosi ndi apongozi

Kuno ku England galimoto ya injini yaikulu imagulitsidwa motchipa chifukwa palibe amene amafuna kuidyetsa. Yanga ndi Land Rover Discovery ya 1995, injini ya V8 ya malita 3.9, zija ankapanga ku Solihull. Petulo imamwa mosaumira, lita imodzi makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiye mwini wake wakale anaiikira thanki ya gasi, LPG yemweyu amene ena amaphikira. Gasiyo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi petulo, moti poigula ndinati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Inali ndi kakhalidwe kamodzi kokha. Pa petulo inkayenda mwaulemu. Pa gasi, ukaponda moto mwadzidzidzi uli pa liwiro lotsika, inkayamba yadodoma kaye, kenaka "phu!" pansi pa boneti, n'kupitiriza ulendo ngati sipanachitike kanthu.

Ndiye apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Dedza kudzaona zidzukulu. Tinakawachingamira ku Manchester Airport. Paja mukudziwa mwambo wake: chikwatirire mwana wawo, ine ndi iwo sitinagwiranepo ngakhale chanza, moni timapatsana chapatali, maso pansi. Anakhala kumbuyo kwanga kwenikweni, thumba la ufa woyera ndi nyemba lili pamiyendo, mayi a kunyumba ali pambali pawo. Pa raundabauti yolowera mu msewu wa M56 ndinaona kampata, ndinaponda moto.

Kunamveka chimfuti. Boneti inadumpha, injini inazima, ndipo manja awiri amphamvu, ozolowera khasu, anandikulunga pakhosi kuchokera kumbuyo.

"Mayo ine! Atiwombera! Ndafera m'dziko la eni!"

"Amayi, asiyeni khosi, akuyendetsa galimoto!"

Ndinaikokera pambali ndikupuma ndi mphuno imodzi. Phokoso lotero pafupi ndi bwalo la ndege silikhalitsa lokha, posakhalitsa apolisi awiri anali atatipeza. Mmodzi anasuzumira mu boneti, anaona bokosi la fyuluta ya mpweya litang'ambika pakati, paipi yaikulu ya labala itavuka, nangofunsa kuti, "Ya gasi?" Nditavomera anaseka n'kundigwirira tochi. Apongozi nthawi yonseyi anali akuwafotokozera apolisiwo m'Chichewa kuti iwo ndi mayi wa Mvano, alibe chifukwa ndi munthu.

Paipi imene inavukayo ndi yochokera pa airflow meter kupita pakhomo la injini. Ikachoka, ngakhale pa petulo galimoto siiyenda bwino, chifukwa kompyuta yake, Lucas 14CUX, imawerenga mpweya wodutsa pa mita ija kuti idziwe petulo woti ipereke. Ndinaibwezera, kumanga chibangiri chake ndi sikuludiraiva, kukulunga bokosi ndi tepi, kudina batani la petulo. Mpaka kunyumba m'galimoto munali zii, kupatula nyimbo ya chitsitsimutso yoimbidwa chapansipansi.

Chimene chimaphulika si thanki ayi. Magalimoto ambiri akale anawaika gasi wa mtundu wa mixer: kamphete kamodzi kokhala ndi timabowo, komangidwa kutsogolo kwa throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini ukaponda moto), kamene kamasakaniza gasi ndi mpweya. Kuyambira pamenepo mpaka kukafika pa mavalavu, njira yonse imakhala yodzaza ndi mpweya woyaka. Pa petulo sizitero, chifukwa ma injector, timipope ta petulo, amapopera pafupi ndi valavu ndipo kumtundaku kumangodutsa mpweya wamba. Choncho pa gasi kamoto kakang'ono kakangopeza valavu yolowetsa ili yotsegula, kamayatsa zonse kubwerera m'mbuyo mpaka ku fyuluta. Kamotoko kamabwera m'njira ziwiri. Pena pulagi imathetheka pa nthawi yolakwika. Pena gasi amachepa mu mpweya, ndiye amayaka mochedwa, valavu n'kutseguka moto usanathe. Kuonjezera apo, gasi ndi wovuta kuyatsa kuposa petulo, amafuna mphamvu yambiri ya magetsi kuti moto udumphe pa pulagi. Waya wotopa amene pa petulo amabisala, pa gasi amayaluka tsiku lomwelo.

Loweruka kunabwera mlamu wanga, amene amayendetsa basi koma mumtima mwake ndi makaniko. Ndinangolowa m'nyumba kukatenga tiyi, pobwera ndinapeza ali chiweramire pa vaporiser, chija chimasandutsa gasi wamadzi kukhala mpweya.

"Alamu, apa gasi amachepa. Ndakuonjezerani pang'ono."

"Mwapotokola kangati?"

"Aaa, pang'ono basi. Uku ndi uku."

Mwayi wake tizomangira tonse ta pa vaporiser, ndi ka pa paipi yopita ku mixer, ndinali nditatiika chizindikiro ndi kyuteksi wa mayi a kunyumba. Tinatibwezera m'malo. Aliyense amathamangira pamenepo chifukwa mpofikirika, koma galimoto yophulika pa gasi umayamba ndi za moto, za gasi pambuyo. Ukayamba ndi kupotokola, umangophimba matenda ndi gasi wambiri, mawa lake ikudya ndalama uku ikuphulikabe.

Tinayamba ndi mapulagi, injini itazizira, chifukwa mahedi a injini imeneyi ndi a aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kudyeka. Soketi yake ndi ya 21 mm. Onse asanu ndi atatu anali atalika mano, mpata utapitirira milimita imodzi. Tinaika atsopano, NGK BPR6ES, mpata titauchepetsa kufika pa 0.7 mm poyeza ndi feeler gauge. Wa petulo umakhala cha m'ma 0.8 kapena 0.9, koma wa gasi umafuna wocheperako kuti moto usavutike kudumpha. Pulagi umaiyamba ndi zala mpaka italowa yokha, sipanala imangomalizira, cha pa 20 Nm pa sipanala yoyeza mphamvu yomangira.

Mawaya tinadikira kuti kude. Njira yake ndi yotchipa: kuliza injini mumdima, kutenga botolo lopopera madzi, kuwaza nkhungu pamawaya onse. Tisanapopere kawiri, mbali ya kumanzere kunayamba kuthwanima timoto tabuluu, tili the! the! the! pakati pa mawaya awiri akumbuyo. Apongozi anali ataima pakhomo, atafunda chitenje pamwamba pa jekete.

"Apongozi," anatero mwaulemu, nkhope atalozetsa kumbali, "galimotoyi munaigula kwa munthu wabwinobwino?"

Ndisanayankhe, mlamu anati andionetse pamene pakutuluka moto. Dzanja lina anali atandikoleka paphewa, linalo analoza waya wonyowa uja mpaka kuukhudza. Ine ndinali nditatsamira chitsulo cha galimoto. Magetsi a koyilo ndi mavolti masauzande ambirimbiri, ndipo anasankha njira yachidule: kulowa mwa mlamu, kudutsa mwa ine, kukatsikira pa mudigadi. Tinakuwa limodzi, mawu amodzi, amene sindingawalembe pano. Pamene ndinkatsegula maso, chitseko cha nyumba chinali chitatsekedwa kale, loko n'kukhoma.

Koma matenda tinali titawaona. Masilinda a injini imeneyi, ukakhala pampando woyendetsera, kumanzere kuli 1, 3, 5, 7 ndipo kumanja 2, 4, 6, 8. Amayaka motsatana chonchi: 1-8-4-3-6-5-7-2. Taonani 5 ndi 7: ndi oyandikana, komanso amayaka motsatizana. Wina wokonda ukhondo anali atamanga mawaya awo pamodzi ndi timalamba tapulasitiki, mooneka bwino zedi. Moto wopita ku 5 unkadumphira mu waya wa 7, pamene valavu yolowetsa ya 7 isanatsekeke bwino. Ngakhale waya asanang'ambike, awiriwa akagona limodzi mtunda wautali amatha kupatsirana magetsi. Tinagula mawaya atsopano abwino, kuwaika m'tizipeso tawo towalekanitsa, 5 ndi 7 motalikirana. Posintha, chotsani mmodzi ikani mmodzi. Mukazula onse nthawi imodzi n'kusokoneza awiri, mfuti ija imalira musanatuluke n'pageti pomwe.

Distributor, chija chimagawa moto ku mapulagi, ndi ya Lucas, 35DLM8, ndipo payokha ili ndi misampha yake. M'kati mwa chivundikiro munali timizere takuda tonga tolemba ndi pensulo, njira zimene moto unadzitsegulira, ndipo kakhala kapakati kanali katatha. Rotor, kamkono kozungulira pansi pa chivundikirocho, inali ya mtundu wotchipa uja wokhala ndi kamsomali pakati, umene umang'aluka n'kumataya moto ku shafti. Pochotsa rotor musakoke ndi mphamvu. Ikakakamira, kukokako kumanyamula mutu wa shafti n'kuvula timasipuling'i ta pansi timene timasuntha taimingi (nthawi imene pulagi imathetheka) injini ikathamanga, ndipo zikatero distributor yonse iyenera kuphwasulidwa. Kanikizani kagudumu ka mano kali pansi pake uku mukukoka, kapena ingoiphwanyani ndi pulayazi, ndi yotaya kale. Donthezani mafuta pang'ono pamutu pa shafti. Mukaika yatsopano, ipotozeni pang'ono ndi chala n'kuisiya, iyenera kubwerera yokha. Mpata wa pakati pa dzino la kagudumu ndi pick-up, kachipangizo kowerenga manowo, ukhale pakati pa 0.20 ndi 0.35 mm, ndipo muyeze ndi geji ya pulasitiki chifukwa pamenepo pali maginito.

Kambale ka vacuum ka pambali pa distributor, kamene kamasunthanso taimingi injini ikamayamwa mpweya, timakayeza ndi pakamwa. Ndinavula kapaipi kake n'kupatsa mlamu kuti ayamwe, poti anali ndi ngongole ya dzulo. Anayamwa mpweya wosatha, wonunkha petulo wakale, kusonyeza kuti kachikopa ka m'kati kanabooka. Kabwino kamalimba ukayamwa, ndipo mbale ya m'kati mwa distributor imasuntha. Palinso kabokosi kakuda komamatira pathupi la distributor, amplifier, kamene kamapsa ndi kutentha. Chizindikiro chake n'chakuti galimoto imazima ikatentha, ikazizira n'kuliranso. Kathu kanali bwino, tinangokapaka phala loyera lochotsa kutentha kumsana kwake.

Taimingi tinaika ndi nyali yake, injini itatentha, ili pa petulo, kapaipi ka vacuum katavulidwa n'kutsekedwa. Buku limanena madigiri a pakati pa 4 ndi 6 pisitoni isanafike pamwamba, kutengera mtundu wa injini. Gasi amakonda moto wofulumirako, chifukwa octane yake, muyezo wa kupirira kupanikizidwa osaphulika wokha, imapitirira 100 ndipo pa liwiro lotsika amayaka modekha. Koma galimoto ndi imodzi, mafuta awiri. Ine ndinaika pa 8, n'kukakwera chitunda pa petulo ndili tcheru. Mukamva kulira konga timiyala m'chitini, mwapitirira, bwezani pang'ono.

Apa m'pamene tinafika ku gasi. Paipi yaikulu ija, titaipinda pa dzuwa, inaonetsa ming'alu m'makwinya mwake, mmene munkalowa mpweya wakuba wochepetsa gasi. Tinasintha, pamodzi ndi bokosi la fyuluta. Vaporiser imatenthetsedwa ndi madzi a radiyeta, ndiye mapaipi ake onse awiri ayenera kutentha injini ikatentha. Madzi akachepa kapena mukalowa mpweya, imachita chisanu choyera kunja, gasi n'kusokonekera. N'chifukwa chakenso simuyenera kusinthira ku gasi injini ikadali yozizira. Pansi pake pali kaboliti kokhetsera mafuta olemera amene gasi amasiya, ndipo akachuluka amaumitsa zikopa za m'kati. Titatseka gasi ku thanki, tinakamasula. Munatuluka supuni zingapo za zinthu zabulauni, koma fungo lake linafika nyumba zitatu. Mzungu woyandikana nafe anatulukira pa mpanda kudzafunsa ngati tikufuna nambala ya anthu okonza zimbudzi. Ovolosi yanga apongozi anakana kuti ilowe m'nyumba, inagona panja.

Polumikizira paliponse tinapaka thovu la sopo kuona ngati pakutuluka gasi. Ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amakadikha pansi, choncho si ntchito yogwirira pa dzenje la m'galaja kapena pafupi ndi wosuta fodya. Kuchuna kwenikweni kwa gasi ndinakachititsa kwa amisiri ake okhala ndi makina oyezera utsi ku ekizozi, poti khutu lokha limanama. Anandiikiranso kachitseko ka sipuling'i pa paipi, kamene kamatseguka kukaphulika kuti bokosi ndi mita zipulumuke. Sikachiza kanthu, kamangochepetsa maliro. Wofuna mtendere weniweni amachotsa mixer n'kuika gasi wa ma injector, silinda iliyonse yakeyake.

Panopa ingaponderezedwe chotani pa raundabauti, siitsokomola n'komwe. Lamlungu ndinatuma mayi a kunyumba kuti akauze apongozi kuti galimoto yachira, tipite kutchalitchi. Anabwera, anaizungulira, anakwera. Koma pa masiku aja akutionerera pawindo anali ataphunzira chinthu chimodzi: kabatani ka pafupi ndi chiwongolero kakayaka kachikasu ndi petulo, kakayaka kobiriwira ndi gasi. Titangokhota pa ngodya injini inatentha, kobiriwira kanayaka. Kumbuyo kunamveka kukhosomola kwaulemu.

"Mwanawe, tawauza bambo akowo abwezere pa chikasu."

Ndinayesa kufotokoza za 5 ndi 7, za mpata wa 0.7, za kachitseko ka sipuling'i. Anamvetsera zonse modekha mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, apongozi, mwagwira ntchito. Visa yangayi ndi ya miyezi isanu ndi umodzi. Ndikakwera ndege mudzayatse zobiriwirazo."