Mmene ndinasinthira ma injector a Subaru yanga kuti iziyendera ethanol

Galimoto yake ndi Subaru Impreza WRX ya injini ya EJ20 ya turbo, zija zochoka ku Japan kudzera pa Dar ndi pa Songwe. Ethanol si wachilendo kwathu kuno, ku Dwangwa anayamba kumupanga mu 1982 kuchokera ku zotsalira za nzimbe, kenako PressCane ku Chikwawa, ndipo petulo wa papampu amabwera atasakanizidwa kale pang'ono. Koma pang'onoyo ndi E85, mafuta okhala ndi ethanol cha m'ma 85 peresenti, nzosiyana kutalitali. Petulo amapsa bwino pa mpweya 14.7 kwa mafuta 1, E85 ndi cha m'ma 9.8, nde injini imafuna mafuta oonjezera 30 mpaka 40 peresenti poyeza malita. Ma injector, tizipangizo topopera mafuta mu injini, obwera ndi galimoto ndi a cha m'ma 440cc pa mphindi, ukaponda kwambiri amakhala atatsala pang'ono kulephera ngakhale pa petulo wamba, chonsecho injector sifunika kukhala yotsegula kupitirira 85 peresenti ya nthawi. Ndinaitanitsa a 1000cc ku Johannesburg pamodzi ndi ma O-ring (timphira totchinga kudontha) a Viton, mtundu wa mphira wopirira ethanol, pampu ya muthanki yopirira ethanol komanso fyuluta yatsopano.

Ntchito tinagwirira ku Luwinga, kuno ku Mzuzu, kwa amakaniko ena achikulire amene ndimawadalira. Choyamba kuchotsa pulesha m'mapayipi, pamakhala 3 bar pamenepo si zosewera nazo. Tinazula fyuzi ya pampu, kuliza galimoto mpaka inazima yokha, kutsegula chitsekero cha thanki, kenako kumasula waya wa negative pa batire. Sanza zikhale pafupi chifukwa mafuta amadonthabe, ndipo wosuta fodya akasutire kutali.

Injini ya Subaru njogona, ma injector awiri mbali iyi awiri mbali inayo, nde malo ngochepa kwambiri. Mbali ina tinachotsa bokosi la air cleaner, ina batire. Chimene chinatidyera nthawi ndi chitsulo chija chimatchinga fuel rail, paipi yogawira mafuta ku ma injector, mabawuti ake ena ali kunsi koti maso saona, umangopapasa ndi zala uku sipanala ikutembenuka pang'onopang'ono, madala aja anachita kugona chamimba pa mudguard dzanja lonse lili mkati. Chikachoka chimenecho zotsalazo nzosavuta. Kumasula rail, kuzula ma injector akale, kuonetsetsa kuti O-ring yakale sinatsalire m'dzenje, kupukuta bwinobwino. Atsopanowo kupaka timafuta ta injini toyera pa O-ring, kulowetsa mowongoka uku ukupotoza pang'ono mpaka imveke kuti yakhazikika. Youma imang'ambika, ndipo mafuta odonthera pafupi ndi turbo yotentha ndi moto basi.

Titabwezera zonse tinatembenuza kiyi pa ON kangapo osaliza, kuti pampu idzaze mapayipi, kenako kuunika ndi tochi injector iliyonse ndikugwira ndi chala kuona ngati panyowa.

Apa mpamene ndikufuna mumvetsetse anzanga, chifukwa ambiri amaona ngati ukamanga bawuti yomaliza ntchito yatha. Ayi ndithu. Kompyuta ya galimoto imadziwabe kuti ili ndi 440cc, ukaliza choncho imathira mafuta opitirira kawiri, mapulagi kunyowa, utsi wakuda, mafuta kutsikira mu oil. Nde tisanalize tinalumikiza laputopu ndi chingwe cha Tactrix, kulowa mu RomRaider ndi EcuFlash, mapulogalamu osinthira manambala mu kompyuta ya galimoto, kusintha kukula kwa injector komanso latency, kanthawi kamene injector imachedwa kutseguka malingana ndi mphamvu ya batire. Manambala amenewa amabwera papepala limodzi ndi ma injector, nchifukwa chake ine otchipa opanda pepala sindiwalimbikitsa ngakhale pang'ono, umangokhalira kulota manambala.

Tinayamba ndi petulo wamba kaye mpaka ma fuel trim, kuonjezera kapena kuchepetsa mafuta komwe kompyuta imachita yokha, anakhala mkati mwa 5 peresenti ndipo idle inakhazikika, kenako mpamene tinathira ethanol. Musanathire muyeseni m'kabotolo kolembedwa manambala, madzi pang'ono, mafuta pamwamba, kukhutchumula, ethanol amatsika pamodzi ndi madzi petulo nkuyandama, mumaona nokha kuti alipo wochuluka bwanji. Tinayika wideband, sensa yoyeza mpweya ndi mafuta pa ekizozi, nkuyenda msewu wa ku Nkhata Bay, pobwerera zitunda zija zimayesa injini mokwanira, tinkafuna lambda ya cha m'ma 0.80 turbo ikadzaza (lambda ndi nambala ya pa wideband, ikatsika pansi pa 1 ndiye kuti mafuta ngochulukirapo). Kukoka kwake nkosalala, knock, kugogoda kwa injini mafuta akamapsa molakwika, kulibe, ndipo ku ekizozi kumamveka kafungo ngati kachasu.

Vuto la kuno ku Mzuzu ndi mmawa. Ethanol sasanduka nthunzi msanga kukazizira, nde kuzizira kwa June ndi July kuja ndi chifunga chake galimoto imangoti kwekwekwe osalira. Tinaonjezera mafuta a cranking, othiridwa poliza, pamene injini ili yozizira, ndipo zimenezi umayesa kamodzi kokha patsiku, mmamawa isanatenthe, usinthe pang'ono udikire mawa. M'nyengo yozizira ndimatsitsanso ethanol kufika cha m'ma 70 peresenti, kutanthauza map inanso, ndiye kuti manambala ena a mu kompyuta ya galimoto. Fyuluta ndinaisinthanso msanga popeza ethanol amatsuka zonyansa zakale za muthanki, komanso amakoka chinyezi, nde galimoto ikamakhala nthawi yaitali osayenda ndimabwerera ku petulo ndi map yake.