Sienta yanga itawira pa Khwekhwelere

Kagetsi kofiira kanayaka ndili pakati pa chitunda cha Khwekhwelere, ndikuchokera ku Golomoti kubwerera kwathu ku Dedza, m'galimoto muli anthu asanu ndi matumba awiri a chimanga. Ndinakhotera pambali n'kuzimitsa injini. Pansi pa boneti panali kulira kuti tswii, nthunzi ikutuluka pamwamba pa rediyeta. Mmodzi wa anyamata omwe ndinawatenga anafuna kutsegula chitsekerero cha rediyeta nthawi yomweyo, ndinamugwira mkono. Madzi amenewo akadamusupula nkhope. Tinadikira pafupifupi ola, tinathiramo madzi opempha pakhomo lina, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kutulukira pa M1.

Makaniko woyamba yemwe ndinamupeza m'mbali mwa msewu sanachedwe nayo. Anamasula paipi yapansi, n'kutulutsa thermostat, kachitsulo kowongolera kutentha kwa injini, n'kundipatsa m'manja. "Bwana, ichi ndi cha ku Japan kozizira, kuno chimangotsekereza madzi." Anamata ndi guluu pomwe panang'aluka pa pulasitiki ya rediyeta, ndinalipira, ndinapita ndili wokondwa.

Kuwira kunasiyadi, koma panabwera lina. Galimoto inayamba kumwa mafuta ngati thanki yabooka. Inali nthawi yowawitsa, chifukwa mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, bungwe loona za mitengo ya mafuta la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Mlamu wanga, yemwe amayendetsa minibasi, anangomva nkhaniyo n'kugamula: "Alamu, injini yatha imeneyo. Pitani ku Biwi ku Lilongwe mukagule ina yochotsa m'galimoto ya ku Japan, muiwale." Ndinatsala pang'ono kugulitsa mbatatesi zonse za m'dimba kuti nditero.

Chomwe chinandiletsa ndi chakuti sindinkadziwa kuti galimotoyo ikumwa mafuta ochuluka bwanji kwenikweni. Pothira ndinkangoti "a teni sauzande", osawerenga malita. Ndiye ndinayamba ndi kuyeza. Ndinadzadza thanki mpaka pampu inadula yokha, ndinalemba makilomita a pa mita m'kope, ndinayenda maulendo anga a masiku onse, kenako ndinabwerera pa pampu yomweyo n'kudzadzanso. Malita omwe alowa kachiwiriwo ndiwo omwe galimoto yadya. Mukagawa makilomita ndi malitawo mumapeza yankho. Yanga inatuluka makilomita 10 pa lita, pomwe kale inkafika 14. Kuchoka pa Dedza boma kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, kupita ndi kubwera 170. Pa 14 ndi malita 12, pa 10 ndi malita 17. Malita asanu ongotayika pa ulendo umodzi, K12,650 pa mtengo wa nthawi imeneyo. Nditaona nambala imeneyo usiku sindinagone bwino.

Ndinatenga kope langa n'kupita kwa bambo wina wachikulire yemwe ali ndi galaja kuseri kwa msika. Sanayambe ndi sipanala ayi. Anandifunsa kuti kagetsi kosonyeza kuti injini idakali yozizira kamazima nthawi yanji m'mawa. Ndinawauza kuti masiku amenewo ndinkatha kufika ku Chimbiya kasanazime, ndipo potsetsereka kankayakanso. Anangogwedeza mutu. "Mwana wanga, thermostat anakuchotserani ndani?"

Anandifotokozera modekha, chitsulocho chili m'dzanja lawo. Injini ya Sienta, 1NZ ya malita 1.5, imafuna kutentha kwake kuti iwotche mafuta bwino. Thermostat imatseka madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka atafika pa madigiri pafupifupi 82. Ikachotsedwa madzi amangozungulira, injini imachedwa kufunda, ndipo kompyuta ya galimoto imapitiriza kuthira petulo wambiri poganiza kuti mwangoliza kumene. Ndiye onjezerani kuzizira kwa kuno ku Dedza, komwe mu June timadzuka chifunga chitakuta phiri lonse.

Asananene za injini anaiyesa kaye ngati gasket, yomwe imamata pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, inapsa tsiku lowira lija. Injini ili yozizira anatsegula chitsekerero cha rediyeta, n'kuliza, tonse tinawerama kuyang'ana ngati madzi akuchita thovu. Anali zii. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo: wakuda bwinobwino, osati wotuwa ngati tiyi wamkaka. Ku ekizozi sikunkatuluka utsi woyera. "Injini yanu ili moyo," anatero. "Ndalama ya injini sungani."

Apa ndi pomwe tinakhala pansi kusankha chokonza ndi chogula. Pa rediyeta ndinalimbana nawo, chifukwa ndinkafuna amatenso. Anandionetsa guluu uja atayamba kale kutukumuka m'mbali, madzi akudontha pang'onopang'ono. Rediyeta zakale za mkuwa ankaziwotcherera n'kukhala zaka. Izi pamwamba ndi pulasitiki, ikapsa ndi kukalamba imang'aluka pena mukamata pena. Anathira madzi mkati, anatuluka ofiira ndi dzimbiri, timapaipi tina titatsekeka. Umenewo unali mlandu wanga, poti zaka zonsezi ndinkathira madzi a pa mjigo m'malo mwa coolant, madzi apadera oziziritsira injini. Ndinavomera kugula yatsopano, pamodzi ndi chitsekerero chake ndi thermostat. Mapulagi anayi anali atadyeka, akuda ndi mwaye, nawonso tinasintha. Sefa ya mpweya inali itadzadza fumbi la misewu ya kumudzi moti kuipopa sikukadathandiza.

Koma alternator yotchaja batire, yomwe mlamu wanga anati nditaye chifukwa batire linkafooka, bamboyo anaimasula n'kupeza kuti ndi timakala take tokha tomwe tatha. Anaika tina, n'kubwezeretsa. Paipi imodzi inangofuna kalampu yatsopano. Matayala onse anayi anali ndi mpweya wochepa, tinapopa molingana ndi nambala zolembedwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, pomwe ine ndinali ndisanayang'anepo chigulireni galimotoyo.

Zogula ndinakazitenga ndekha ku Lilongwe pa minibasi, nditanyamula rediyeta yakaleyo m'thumba kuti ndikafananize mabowo ndi pokhala mapaipi. Musapite chimanjamanja, zofanana m'maso n'zambiri. Ndinapemphanso lisiti. Zonse pamodzi ndi ntchito ya amakaniko sizinafike ndi theka lomwe la mtengo womwe anandiuza wa injini.

Patatha milungu iwiri ndinayezanso pa pampu yomwe ija: makilomita 13 ndi kanthu pa lita. Kagetsi kozizira kaja tsopano kamazima ndisanatuluke m'tauni. Loweruka lotsatira ndinatsika ku Golomoti n'kukweranso Khwekhwelere ndi katundu ngati wa tsiku lija, maso ali pa dashibodi njira yonse. Nditafika pa M1 ndinaima, ndinasuzumira pansi pa galimoto, panali pouma.