Sabata yomwe ndinalimbana ndi Scream

Lolemba m'mawa mwini vidiyo sho wa kuno kwathu anandibweretsera fulashi. "Achimwene, anyamata atopa nazo za karate. Tamasulirani iyi, tiionetse Loweruka usiku ana atagona." Inali Scream, ya 1996, yomwe anajambula Wes Craven. Ndinavomera msanga poganiza kuti filimu ya mpeni ilibe zolankhula zambiri. Ndinadzinamiza.

Ndinaionera kawiri ndisanagwire maikolofoni. Vuto lake n'lakuti anthu a m'filimuyi nawonso ndi okonda mafilimu oopsa, ndiye nthabwala zawo zambiri zatsamira pa mafilimu akale amene anyamata a pabenchi sanawaonepo. Poyambirira penipeni mtsikana ali yekha m'nyumba, akukazinga mbuliwuli, foni n'kulira. Woimbayo akumufunsa amene ankapha anthu mu filimu ya Friday the 13th. Mtsikana akuti Jason, chigawenga chotchuka cha m'mafilimu amenewo. Walakwa, chifukwa mu filimu yoyamba ya 1980 wopha anali mayi ake a Jason. Ndinayesa kufotokoza zonsezi m'mawu anga, koma pomvetsera zinkangomveka ngati aphunzitsi a Sitandade 8. Ndinafufuta n'kusiya mawu ochepa: "Walephera mayeso, mwana wa eni."

Mtsikanayo ndi Drew Barrymore, amene nkhope yake inali yodziwika kuposa anzake onse, koma akuphedwa filimu isanapite patali. Nzeru imeneyi inachokera kwa wojambula mafilimu Alfred Hitchcock, amene mu filimu yake ya Psycho ya 1960 anapha Janet Leigh m'bafa anthu akuyesa kuti afika naye kumapeto. Apa sipanafunike kufotokoza chilichonse. Kuno tonse tinakula ndi lamulo loti mwini filimu safa. Choncho atangoonekera, ndinalengeza mwadala ndi mawu onse kuti mwini filimu ndi ameneyu. Bodza la ntchito.

Lachiwiri ndinataya theka la tsiku posaka dzina la wopha uja wovala chigoba choyera cha kukamwa kwautali. Mnzanga wodula mawu pa kompyuta anati tingoti chinyau, anthu aseka. Ndinakana. Za kudambwe si zoseweretsa pa vidiyo sho. Anakhala Chimkanjo basi.

Lachitatu magetsi kunalibe.

Lachinayi ndiye ndinamva kukoma ntchito. Pali pomwe achinyamata ali paphwando akuonera Halloween ya 1978, mmodzi n'kuimirira kuwauza malamulo opulumukira mu filimu yoopsa: osagona ndi munthu, osamwa mowa, osanena kuti ubweranso posachedwa. Ndinamupatsa mawu a nankungwi wolangiza namwali, pang'onopang'ono, chala m'mwamba. Lamulo lachitatulo linangogwera m'Chichewa lokha, poti ife tikamachoka timati "ndikubwera". Zoti Jamie Lee Curtis, amene akumuonera pa kanemapo, ndi mwana wa Janet Leigh yemwe uja, ndinazisiya ngakhale zinkandiyabwa pakamwa. Zimenezo ndauza inu.

Chovuta koposa chinali kutseka pakamwa. Ife omasulira tinazolowera kulankhula osapuma, ngakhale munthu akungoyenda timamuikira maganizo. Koma munthu akamatsegula chitseko mumdima iwe n'kumabwebweta, mantha onse amathawa. Lachisanu ndinakhala mpaka usiku ndikuchotsa mawu anga omwe, malo oposa khumi. Mnzanga uja anadandaula kuti anthu aziti fulashi yafa.

Loweruka ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo la chiguduli. Barrymore ataphedwa, wina anakuwa kuti abwezeredwe ndalama zake. Mwini sho anandiyang'ana ndi diso loipa. Kenako kunati zii kwa nthawi yaitali, mpaka ndinamva benchi ikulira.

Malamulo aja atangotha, mnyamata wina wa kutsogolo anadzuka kuti akataye madzi. Anagwira phewa la mnzake n'kunena, osaganiza n'komwe, "Ndikubwera." Nyumba yonse inaphulika. Anaima pakhomo, n'kuyang'ana mdima wa panja, n'kubwerera pabenchi.