Anamuuza kuti asankhepo chimodzi, iye n'kusankha kachasu

Ndimagwira ntchito yongodzipereka kuchipatala, kumene anthu amalandirira mankhwala a HIV (ma ARV). Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kuphunzitsa pabenchi m'mawa, kusolola mamastakadi (makadi a odwala), kukweza anthu pasikelo, kuwerenga mapiritsi otsala m'mabotolo. Mayunitsi oimbira anthu ojomba kudzatenga mankhwala sanabwere, mwezi wachiwiri uno, ndiye ndikuimba ndi anga. Njinga ya pachipatala idakali chotsamira khoma, tcheni chinaduka kalekale.

Lachitatu ndinabwereka njinga kukafuna bambo wina woumba njerwa, amene patha miyezi inayi osabwera kudzatenga mankhwala. Kunyumba kunali mayi okha, ndipo anangondilozera ndi mlomo kumene kumatchezedwa kachasu. Ndinam'peza 10 koloko isanakwane, kambotolo kali pakati pa miyendo. Munthu uja watha, kolala ya malaya ikuchita kulendewera, akutsokomola ngati chifuwa ching'ambika. Pagulu sitinena kumene tachokera, choncho ndinati, "Achimwene, ndikufuna njerwa, tiyeni tikambirane mtengo apo."

Pansi pa mtengo wa mango ndi pomwe anandiuza. Ulendo wake womaliza anafika kuchipatala akununkha mowa wa dzulo lake. Wogwira ntchito wina anam'kalipira pamzere, anthu onse akumva, amvekere mowa ndi ma ARV siziyendera limodzi, asankhepo chimodzi. "Ndiye ndinasankha, achimwene. Mowa sindingathe kuusiya." Anayankhula mofatsa, ngati munthu amene anangomvera malangizo a kuchipatala.

Ndinapsa mtima mpaka manja kunjenjemera. Ndani anatiphunzitsa zimenezo? Mowa umaononga chiwindi, umaiwalitsa munthu kumwa mankhwala, zonsezo n'zoona. Koma sufafaniza mphamvu ya TLD, kam'bulu ka ma ARV kamodzi patsiku komwe ambiri tinasinthira mu 2019. Woledzera amene akumwa mankhwala ake, tizilombo timagonabe m'magazi. Akasiya timadzuka, ndipo TB siichedwa. Ine ndinayamba ma ARV mu 2010, nthawi ya mapiritsi akale a Triomune, m'mawa ndi madzulo, ndipo zaka zitatu zoyambirira ndinkamwa kachasu kuposa bamboyu. Akanandipatsa chisankho chomwecho, bwenzi pano pamanda panga patamera udzu.

Lachinayi anabwera. Ndinakam'chingamira pageti kuti asadutse yekha pamzere uja. Adokotala anamuyambitsanso mankhwala ndi bakitilimu woteteza ku matenda ena, makhololo anapita ku GeneXpert, makina oyezera TB. CD4, yoonetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, sinayezedwe, zoyezera zinatha. Tinapangana kuti m'bulu azimwa m'mawa ndi phala asanatuluke, botolo lizikhala ndi mayi akunyumba, ndipo tsiku loti waledzera amwebe.

Bamboyo atandifunsa za kusiya mowa ndinasowa chonena. Munthu womwa kachasu tsiku ndi tsiku sangangodula lero lomwe, amatha kunjenjemera, kuona zilubwelubwe, ngakhale kukomoka. Pamafunika achipatala omuyang'anira. Thandizo lotere liliko ku Zomba Mental ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma woumba njerwa wa kuno ya thiransipoti aitenga kuti? Gulu lathu la omwa ma ARV la Loweruka limakamba za kuulula kwa akunyumba, za zakudya, za makondomu. Za mowa ndi chamba timangodutsapo, chonsecho theka la abambo amene ndimawalondola ndimawapeza komwera.

Pamsonkhano wa Lachisanu kuchipatala ndinaitchula nkhaniyi, osatchula dzina la munthu. Yankho linali lakuti ife ndi ongodzipereka, za mankhwala tiziwasiyira ophunzira. Chabwino. Koma odwala akathawa, wopalasa njinga padzuwa ndi ine, osati ophunzirawo. Fomu ya lipoti ili ndi malo olembapo chiwerengero cha amene tawabweza, ilibe polemba chimene chinawathamangitsa. Ndinalemba m'mphepete ndi bolopeni yofiira, kaya wina adzawerenga.

Zotsatira za makhololo zituluka Lolemba. Bamboyo alibe foni, ndiye ndauza kale mwini njinga uja kuti ndidzaibwerekanso.