Pulani ikavuta pa laputopu, musathamangire kuchotsa pulogalamu

Miyezi imeneyi ndakhala ndikuphunzira kujambula mapulani a nyumba zogonamo, kwambiri pa AutoCAD, Revit pang'ono, ndiye SketchUp ikafika nthawi yoti mwini nyumba aone kuti ikadzatha idzaoneka bwanji. Chomwe ndaona pa gulu lathu n'chakuti pulogalamu ikangoyamba zachilendo aliyense amati "aise yafa imeneyo, ichotse uyikenso", munthu n'kumaliza bandulo yonse kudawuniloda, kuyika, kutsegula fayilo ija, vuto lili pompo. Nthawi zambiri vuto limakhala mu fayilo momwemo, ndipo ukaikopera pa laputopu ya mnzako limapita nawo. Ndiye ine masiku ano ndimayamba ndatsegula fayilo yatsopano yopanda kanthu, kujambula makoma awiri atatu, kuona. Zikayenda bwino ndiye kuti pulogalamu ilibe mlandu, tibwerere ku pulani ija tikaifunse bwinobwino.

Choyamba kufunsa ndi mayunitsi. Kuno timajambula mu mamilimita, khoma la panja la njerwa 230, la mkati 115, basi tinazolowera. Koma ma block, zojambula zopangidwa kale za toilet, sinki, mabedi, omwe timatola pa intaneti ambiri anajambulidwa mu ma inch, ndipo inch imodzi ndi mamilimita 25.4, ndiye ukaika toilet mu bafa imabwera kadontho koti mpaka uchite zoom kuti ukaone. Fayilo ya saveya nayo imabwera mu mamita, poloti ya 15 by 30 ikalowa mu pulani yako imakhala yaing'ono ka 1000, yonse kukwana pansi pa chitseko. Mu AutoCAD lembani INSUNITS muone nambala, 1 ndi ma inch, 4 ndi mamilimita, 6 ndi mamita. Koma nambalayo nthawi zina imanama chifukwa wojambula sanaisinthe, ndiye chodalirika ndi kuyeza ndi DIST chinthu chomwe mukuchidziwa kale, chitseko mwachitsanzo. Chikati 900 muli mu mamilimita, chikati 0.9 ndi mamita, chikati 36 kapena 32 dziwani kuti chachokera kwa anthu a ma inch.

Nkhani ya saveya ndiyo yandiphunzitsa zambiri. Fayilo yake imabwera ndi ma coordinate enieni a pansi, a UTM, njira yoyezera malo pa dziko mu mamita, ndipo Lilongwe ili mu zone 36 ya kummwera kwa equator, northing yake, nambala yosonyeza malo molowera kumpoto, imapitirira mamita 8 miliyoni. Tsopano ukachulukitsa ndi 1000 kuti ikhale mu mamilimita, nyumba yako ya zipinda zitatu ija ikujambulidwa pa manambala a mabiliyoni kutali ndi 0,0, ndipo kompyuta ikamawerengera manambala otere imayamba kutaya timanambala ta kumapeto. Zizindikiro zake zimasokoneza chifukwa sizioneka ngati zikugwirizana: ma arc a zitseko amakhala okhotakhota, hatch ya njerwa, timizere todzaza mkati mwa khoma tija, imasweka, snap, yomwe imayenera kugwira pa kona penipeni, imagwira pambali, mu SketchUp ukamayandikira khoma limadukaduka ngati wina akulidula ndi lumo. Anthu apa ndi pomwe amati graphics card yatha. Revit yokha imanena poyera kuti zinthu zisapitirire makilomita 16 kuchoka pa internal origin yake, yomwe ndi 0,0 ya Revit. Njira yomwe tinaphunzira ndi yakuti fayilo ya saveya isakhudzidwe, ikhale momwe inabwerera, upange kope, usankhe bikoni imodzi ya poloti, ulembe ma coordinate ake enieni pambali, kenako usunthe zonse kuti bikoniyo ikhale pa 0,0 n'kumajambula pamenepo. Mu Revit umatenga fayilo ya saveya yosakhudzidwa ija, kuchita Link CAD osati Import, kuika Center to Center, ndiye Acquire Coordinates kuti pulogalamu izidziwa malo enieni koma nyumba ili pafupi ndi origin. Pa site plan ma coordinate a mabikoni umawalembabe enieni aja, chifukwa ndi omwe akuyenera kugwirizana ndi zikalata za poloti.

Chofanana nacho ndi kuchita Zoom Extents sikirini n'kukhala yakuda bii ngati pulani yafufutika. Sinafufutike, pali kamzere kena kanatayika kutali ndiye pulogalamu ikuyesa kuonetsa zonse nthawi imodzi. ERASE, lembani ALL, kenako R, musankhe pulani yanu kuti ichoke pa zofufutidwa, Enter. Koma yatsani kaye ma layer onse, chifukwa ALL imatenga ndi zomwe zili pa layer yozimitsa, mungapeze mipope ya madzi yonse yapita osadziwa.

Za hatch yokana kulowa sindichedwapo, ndi mizere yomwe sinakumane pa kona, AutoCAD imaonetsa timizere tofiira tozungulira pamene pali mpata, FILLET ya radius 0 imatseka. Ku Revit vuto lomwelo limabwera ndi uthenga woti "Room is not in a properly enclosed region", ndipo limakonda kubwera pa khonde, pomwe pa mapulani amasiku ano omwe sitting room, dining ndi khitchini zili pamodzi popanda khoma uthenga umakhala woti "Multiple Rooms are in the same enclosed region". Osamanga khoma labodza kuti uthenga uchoke ayi, lidzalowa mu kuwerengera kwa njerwa. Pali Room Separator, kamzere chabe kogawa zipinda.

Chinthu chikasowa mu Revit, chonde musachiikenso kachiwiri. Windo la ku toilet timaliika m'mwamba, pomwe pulani imadulidwa pa 1200 kuchoka pansi ngati simunasinthe View Range, ndiye windo lija limatsala pamwamba pa podulira, silioneka kapena limaoneka mwa theka. Mnzanga wina anaika katatu akuganiza kuti sizikutheka, pa schedule, mndandanda wa mawindo, a ku toilet n'kukhala atatu pa bowo limodzi, ndipo schedule imeneyo ndi yomwe wowotcherera mafelemu akanapatsidwa. Pitani pa 3D kapena elevation muone ngati lilipo, likakhalapo jambulani Plan Region pa toilet pokhapo mukweze podulira. Zikapanda kutero yang'anani VG (Visibility/Graphics, pomwe mumasankha zooneka ndi zobisika), kapena kababu kali pansi pa sikirini kaja koonetsa zobisika.

China chomwe palibe error iliyonse imene ingakuuzeni ndi dzuwa. SketchUp ukapanda kuiuza malo imaganiza kuti nyumba ili ku Boulder, Colorado, kumpoto kwa equator, ndiye mithunzi yomwe ukuonetsa mwini nyumba ndi ya ku America. Ife tili pafupifupi madigiri 14 kummwera, mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, cha mu Disembala limapendekera pang'ono kummwera. Munthu akufuna khonde loti azikhalapo masana mu Okutobala osapsa, iwe n'kumuonetsa mthunzi wa dziko lina, eti. Model Info, Geo-location, ikani Lilongwe, ndipo onetsetsani kuti kumpoto kwa pa model ndi kumpoto kwenikweni kwa poloti osati kumtunda kwa pepala chabe. Tili pa SketchUp pomwepo, ikamalemera kwambiri kawirikawiri ndi masofa ndi mitengo ya ku 3D Warehouse, sofa imodzi imatha kulemera kuposa nyumba yonse, Purge Unused pa Statistics imathandiza koma bola osaziika n'komwe mpaka kumapeto.

Tsopano magetsi. Ambiri ma laputopu athu ndi akaunjika, batire linafa kale, magetsi akangothima nayo yathima pomwepo. AutoCAD imaseva yokha mphindi 10 zilizonse ngati simunasinthe, lembani SAVETIME muike 5. Magetsi akabwera musatsegule n'kuyamba kuseva mwachisawawa, yambani ndi DRAWINGRECOVERY muone zomwe zapulumuka. Ma fayilo a autosave amathera ndi .sv$ ndipo amakhala mu foda ya Temp, pomwe .bak imakhala pambali pa pulani yanu, zonsezi mukasintha kumapeto kukhala .dwg zimatseguka, kungoti Windows imabisa timichira timeneti ndiye muyatse kaye File name extensions. Dziwaninso kuti mukatseka pulani bwinobwino n'kudina No pa kuseva, .sv$ ija imafufutika, si yodalira. Fayilo ikakana kutseguka ndi RECOVER, ikatseguka koma ikuchita zachibwana ndi AUDIT kenako PURGE. Revit imasiya makope okhala ndi manambala ngati .0001.rvt, SketchUp imasiya .skb.

Pa mavesheni pali msampha womwe ulibe mankhwala. AutoCAD ndi yabwino mtima, DWG, mtundu wa fayilo yake, ya 2018 ndi yomwe mavesheni otsatira akhala akugwiritsa ntchito, ndipo wa pulogalamu yakale umangomusevera ngati 2013 kapena 2010. Revit ayi. Fayilo ikangosevedwa mu 2024 siidzatsegukanso mu 2022, palibe Save As yobwerera m'mbuyo, chomwe chatsala ndi kudutsira pa IFC, mtundu wa fayilo wosinthanirana pakati pa mapulogalamu, komwe zinthu zambiri zimafika zosasinthika bwino. Ndiye musanayambe ntchito ndi injiniya kapena anzanu a pa gulu funsanani kaye kuti aliyense ali ndi chaka chanji, onse mutsatire wa yakale.

Mafulashi nawo tisamale. Mukaona kafayilo ka acaddoc.lsp kapena acad.lsp kakungobadwa mu foda iliyonse yomwe mwatsegula pulani, inu simunakaike, kameneko ndi kachilombo koyenda ndi mafoda a mapulani, ndipo kamasokoneza ma command. Mnzanu akakupatsani ntchito tengani .dwg yokha osati foda yonse. Kwa omwe ali pa sukulu yovomerezeka, Autodesk imapereka laisensi ya ophunzira ya chaka chimodzi kwaulere, bola imeneyo kusiyana ndi zija zogawana mu fulashi.

Kupulinta ndi komwe pulani yabwinobwino imakawonongekera. Mwaika 1:100 pa A3, mwapanga PDF, mwapita ku Old Town kapena ku Area 25 kwa opulinta, iwo n'kudina Fit to page, pepala n'kutuluka lochepa pang'ono moti ndi maso simungazindikire. Auzeni Actual size, 100%, ndipo musanalipire tulutsani rula pomwepo: chipinda cha mamita 3 pa 1:100 chikhale mamilimita 30 ndendende. Pitani ndi PDF osati DWG, chifukwa kompyuta yawo ikasowa mafonti anu kapena fayilo ya ma pen ija ya .ctb, mizere yonse imatuluka yonenepa mofanana, khoma ndi dimension osasiyana. Mapepala amenewa ndi omwe akupita ku khonsolo ya mzinda kukavomerezedwa, ena akupita ku saiti, ndipo a foromani ena dimension ikasowa sakuimbirani foni, amangoika tepi pa pepala n'kuchulukitsa ndi 100, maziko n'kukumbidwa tsiku lomwelo.