Laputopu ya 2010 yafika pa 8GB, koma RAM yake iyenera kukhala ya ma chip 16

Yayaka, anzanga. Laputopu yanga yakale, yomwe ndaikamo SSD m'malo mwa hadi disiki n'kuwonjezeramo RAM, tsopano ikuwerenga 8GB yonse, pulogalamu yoyesera RAM ya MemTest86+ yayenda usiku wonse popanda kupeza vuto lililonse, ndipo izi ndikulembera pa iyo yomweyo. Kwa amene simunaione: ndi makina a m'chaka cha 2010, purosesa yake Core i5-520M, ma core 2, ma thread 4, imayenda pa 2.4 GHz n'kumakwera mpaka 2.93 GHz ntchito ikachuluka. Inabwera ndi ma RAM awiri a 2GB komanso hadi disiki ya 320GB, ya 5400 rpm, yomwe imakuti ukayatsa makina umayamba wachita zina kaye.

Za SSD, chosungira mafayilo chopanda mbale zozungulira, sindichedwapo, chifukwa zinayenda bwinobwino. Chipset ya mu makinawa ndi HM55, ndiye kuti polumikizira disiki ndi SATA II, 3 Gb/s basi. SSD yomwe pa bokosi alemba kuti imafika 550 MB/s, muno hdparm, pulogalamu yoyezera liwiro la disiki, ikundipatsa cha m'ma 260. Ena akaona nambala imeneyi amakhumudwa, koma ine sindiona chodandaula. Chimene chimachedwetsa makina akale si kukopera fayilo imodzi yaikulu, ndi timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timene makina amawerenga poyaka ndi potsegula mapulogalamu. Hadi disiki imafunika isunthe kamkono kake, idikire kuti mbale izungulire ifike pamalo, ndipo zimenezi zimadya mamilisekondi oposa 10 ulendo uliwonse. SSD imapeza malo omwewo pa kachigawo kakang'ono ka milisekondi imodzi. Phindu lagona pamenepo, ndipo SATA II sikulanda phindu limeneli. Choncho SSD yapamwamba kwambiri mu makina ngati awa n'kungotaya mphamvu zake. Ndinangoonetsetsa kuti mu BIOS, pulogalamu yoyatsa makina, njira ya SATA ili pa AHCI ndisanaikemo Linux Mint ya Xfce, ndinaona kuti fstrim.timer, yoyeretsa malo osagwiritsidwa ntchito mu SSD, ikugwira, ndipo popeza SSD ndi ya 7 mm pomwe malo ake ndi a 9.5 mm, ndinaikako kapulasitiki kotsekera mpata kuti isamagwedere. Inu amene muli pa Windows, AHCI muisinthe musanaike Windows yo, apo ayi mudzalandiridwa ndi sikirini ya buluu ija yosonyeza kuti Windows yalephera kuyaka.

Tsopano RAM. Apa ndi pamene masiku anandithera.

Purosesa imeneyi imalola mpaka 8GB, DDR3 ya 800 kapena 1066. Ndinaitanitsa ma SO-DIMM, ndiye RAM ya malaputopu, awiri a 4GB. Pa chithunzi cha wogulitsa panali RAM ya mtundu wina, koma zomwe zinafika zinali za PC3L-12800S, zatsopano, zoyera bwino. Sindinade nkhawa. Mapini ndi 204 omwewo, kampata kali pamalo pomwepo, zinalowa ndi kuti twa mbali zonse. RAM ya 1600 ngati imeneyi imatsika yokha n'kuyenda pa 1066, tonse timadziwa zimenezo. Nditadina batani, nyali inayaka, fani inazungulira, koma sikirini bii. Ngakhale chizindikiro cha BIOS osaoneka.

Ndinachita zonse zimene munthu amachita. Ndinachotsa imodzi n'kusiya inayo. Ndinasinthanitsa ma slot. Ndinapukuta mapini ndi isopropyl, ndinapemerera m'ma slot, ndinachotsa batire ndi chaja n'kugwira batani kwa nthawi. Ndinamasula mpaka pa kabatire ka CMOS n'kukachotsa kuti BIOS iiwale zonse. Palibe chinasintha. Ndikabwezeretsa ma 2GB akale aja, makina akuyaka ngati sipanachitike kanthu. Ndikaika imodzi yakale ndi imodzi yatsopano, mdima womwe uja.

Ndiye ndinati mwina RAM yafika yakufa. Ndinaiyesa mu laputopu ina yomwe ndili nayo, ya Core i5 ya m'badwo wachinayi, ndipo inayaka nthawi yomweyo, 8GB, MemTest86+ osapeza kanthu. RAM ndi yamoyo, laputopu ndi yamoyo, koma ziwirizi sizikumvana.

Chimene chinandisokeretsa nthawi yaitali ndi chilembo cha L cha mu PC3L chija. DDR3 wamba imayenda pa 1.5V, DDR3L pa 1.35V, ndipo aliyense amene ndinamufotokozera vutoli amathamangira pomwepo, kuti makina a 2010 sadziwa 1.35V. Zimamveka zoona, koma si choncho. DDR3L inapangidwa kuti izitha kuyenda pa mavoteji onse awiri, ndiye ukaiika m'makina a 1.5V imangoyenda pa 1.5V. Vuto la voteji limabwera ukatembenuza: malaputopu a m'badwo wachinayi, a Haswell, amafuna DDR3L, ndipo ukawapatsa ya 1.5V ambiri amakana. Komabe ndinatha madzulo angapo ndikuwerenga za mavoteji. Ndinaikanso BIOS yomaliza imene inatulutsidwa ya makinawa, mtima uli m'mwamba kuopa kuti ingazime pakati. Inalowa bwino. Sikirini inakhalabe bii.

Yankho linali pa kapepala komata pa RAM pomwepo, pa zilembo zinayi zimene maso amangodumpha. Zatsopanozo palembedwa 1Rx8, ndiye kuti rank imodzi, gulu limodzi la ma chip 8. Zakale za 2GB palembedwa 2Rx8, ma rank awiri. Nditaziika pamodzi pa tebulo n'kuwerenga ma chip akuda aja, yatsopano ya 4GB ili ndi 8, anayi mbali iliyonse, pomwe yakale ya 2GB ili ndi 16, mbali iliyonse 8.

Masamu ake ndi awa. 4GB ndi 32 gigabit. Ukagawa 32 pa ma chip 16, chip iliyonse ndi ya 2 gigabit. Ukagawa pa ma chip 8, iliyonse ndi ya 4 gigabit. Memory controller, gawo loyendetsa RAM, ya mapurosesa a banja ili la Arrandale inapangidwira ma chip a 1 gigabit ndi 2 gigabit. Chip ya 4 gigabit imafuna ma adilesi ochuluka kuposa amene controller imatha kutchula, ndiye makina amalephera pa sitepe yoyamba penipeni, asanafike poti n'kuonetsa chilichonse pa sikirini. N'chifukwa chake BIOS yatsopano sinathandize: malirewo ali mu purosesa momwemo. Ndipo mu Arrandale, controller imeneyi siili pa die, kachidutswa ka silikoni, ya ma core, ya 32 nm. Ili pa die yachiwiri, ya 45 nm, pamodzi ndi graphics. Mukachotsa heatsink mudzaona timagalasi tiwiri pa purosesa imodzi, kakang'ono ndi kokulirapo, ndipo kokulirapoko ndi kamene kamakana RAM yanu.

Malire a 8GB aja akuchokeranso pomwepa. RAM ya 8GB imodzi imakhala ndi ma chip 16 a 4 gigabit, ndiye nayonso singalowe. Ma slot awiri, iliyonse 4GB ya ma chip 16, mapeto ndi pamenepo. Amene muli ndi makina a Core 2 Duo a chipset ya GM45 omwe amagwiritsa DDR3, nkhani yake ndi yomweyi. Kuyambira pa mapurosesa a Sandy Bridge, a 2011, vutoli linatha, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake anthu ambiri salidziwa. Makina ambiri akale amene akuyendabe masiku ano ndi a kuyambira pamenepo kupita m'tsogolo, ndipo iwowa amalandira 1Rx8 popanda kufunsa.

Chimene chimandinyansa n'chakuti ogulitsa ambiri amangolemba kuti DDR3 4GB ya laputopu, n'kuikapo chithunzi chimodzi cha RAM iliyonse imene anaipeza. Opanga anasamukira ku ma chip a 4 gigabit kalekale chifukwa ma chip ochepa ndi osavuta kupanga, choncho ukaitanitsa mwachisawawa, mpata waukulu ndi woti ulandira 1Rx8. Ine tsopano ndimakonda ogula makina akale a m'maofesi n'kumawaphwasula. Katundu wawo ndi wogwiritsidwa kale ntchito, inde, koma ndi wa nthawi yomweyo ya makina amene ndikukonza, ndipo abwinowo amajambula RAM yeniyeniyo mbali zonse ziwiri, kapepala kakuoneka. RAM sikutha ngati batire kapena hadi disiki. Ikadutsa MemTest86+ ndiye kuti ili bwino. Kwa mmodzi wa oterewa ndi kumene ndinapeza ziwiri za PC3-10600S, 2Rx8, ndipo ndisanalipire ndinamupempha kuti awerenge ma chip. Anaseka, koma anawerenga. Nditaziika, makina anayaka ulendo woyamba. dmidecode, pulogalamu yoonetsa zida za m'makina, ikuonetsa Rank 2 pa iliyonse, liwiro 1066 ngakhale ndi za 1333, ndipo popeza n'zofanana kukula zikuyenda pa dual channel, zomwe zimathandizako graphics chifukwa imabwereka RAM yomweyo.

Za 1Rx8 zija sizinapite pachabe, zakhazikika mu ya Haswell ija.

Zimenezi zandikumbutsa kompyuta ya pa tebulo ya socket ya LGA775 imene ndinaisewera nayo zaka zapitazo, imene ndinaikamo purosesa ya Xeon E5450 ya socket ina, LGA771. Amene munachitapo mukudziwa: kasitika kosinthanitsa mapadi awiri pansi pa purosesa, kudula timapulasitiki tiwiri ta m'mbali mwa socket ndi kampeni mosamala kuti usakhudze mapini, kenako kuwonjezera microcode mu BIOS. Ma core 4 pa 3.0 GHz, cache ya 12MB, pa bodi imene inabadwira Core 2 Duo. Ntchito yoopsa chonchija inayenda tsiku lomwelo, pomwe kulowetsa RAM, chinthu chimene timauza ongoyamba kumene kuti n'chosavuta, n'kumene kwandigoneka mochedwa masiku onsewa. Kompyuta ija ilipobe, ikusunga mafayilo pakona.

Popeza laputopu inali yomasula kale, ndinachotsanso heatsink. Thermal paste inali itauma ngati dothi la m'chilimwe, ndipo kuseri kwa fani kunali fumbi logwirana lomwe linatseka pafupifupi theka la potulukira mpweya. Ndinapukuta ndi isopropyl, kupaka paste yatsopano pa ma die onse awiri, n'kumanga masikulu motsata manambala olembedwa pa heatsink. Kale ikalemedwa imafika m'ma 90, pafupi ndi malire ake a 105, ndipo turbo imazimiririka msanga. Pano ikukhala m'ma 70 ndipo fani yasiya kukuwa. Ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa silioneka ngati kuwonjezera kanthu, koma purosesa yotentha imadzichepetsa yokha liwiro, ndiye n'kutheka kugula zonse zatsopano makina n'kukhalabe aulesi.

Nanga ikuyenda bwanji? Kulemba, kuwerenga, ma tab ambiri mu Firefox, zonse zili bwino, ndipo swap, malo a pa disiki obwereka RAM ikadzaza, sikukhudzidwanso monga zimachitikira pa 4GB. Pamene ukalamba ukuonekera ndi pa mavidiyo. Graphics ya mu purosesayi imadziwa kumasula mavidiyo a H.264 koma osati a VP9 kapena AV1, omwe YouTube imakonda kutumiza, ndiye ntchito yonse imagwera ma core awiri aja. Ndinaika kapulogalamu ka mu browser ka h264ify kuti izikakamiza H.264, ndipo 720p ikuyenda mosadodoma. Malamulo a purosesa otchedwa AVX mulibe, anayamba ndi Sandy Bridge, choncho mapulogalamu ena atsopano amangokana kutseguka. Za Windows sindikuziganiziranso pa makinawa. Windows 10 inasiya kulandira zokonza pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi purosesa yatsopano kwambiri kuposa iyi. Njira zozembera zilipo, koma sindikuona chifukwa.

Chotsatira sindinachitsimikize. Purosesa ili pa socket, sinawotcheredwe pa bodi, ndiye Core i7-640M ingalowe: 2.8 GHz, turbo mpaka 3.46, cache 4MB, ma watt 35 omwewo. Kusiyana kwake sikungakhale kwakukulu, ndikudziwa, koma mtima ukufunabe. Za ma core 4 monga i7-720QM musandiuze, ilibe graphics m'kati ndipo makinawa alibe ina, kuphatikiza apo ndi ya ma watt 45. Malo a DVD ndi a 12.7 mm, ndiye caddy, kabokosi koikamo disiki m'malo mwa DVD, ingalowe kuti hadi disiki yakale ija ibwerere ngati nkhokwe. Palinso slot yolowetsamo khadi ya ExpressCard yomwe sinagwirepo ntchito chibadwire. Khadi ya USB 3.0 ingakwanemo, ngakhale kuti mzere wake ndi PCIe x1 ya 2.5 GT/s, yosapitirira 250 MB/s. Ndipo pa mzere womwewo anthu amalumikizapo graphics card ya kompyuta ya pa tebulo, ndi power supply yakeyake pambali. Ndili ndi khadi ina yakale m'bokosi imene ikungokhala. Ngati pali wina anayesapo zimenezi pa HM55 ali ndi 8GB, andiuze ngati BIOS inasiya malo okwanira a ma adilesi pansi pa 4GB, chifukwa apo ndi pamene ndikuona kuti tidzakanganirana ndi makinawa.